Kumanga mfundo yoti igwire: malangizo kwa makomiti a masosaite athu kuno ku Harare

Funso ili limandipeza paliponse, pa maliro, pa chinkhoswe, ngakhale pa mzere wa kombi pa Copacabana: "A mlembi, ife tinagwirizana bwinobwino pa msonkhano, manja anawombedwa. Nanga bwanji sabata isanathe anthu omwewo akukana kupereka, ena akuti sanamve, ena akuti komiti inawapondereza?" Amafunsa a sosaite ya maliro ku Mufakose, amayi a chigwirizano ku Highfield, akuluakulu a komiti ya mzikiti ku Mbare, ndi anyamata a ku Epworth a mukando, uja kumudzi ku Malawi amati banki m'khonde. Kuyankha chiimirire kwandikwana. Ndalemba kamodzi, ndipo wondifunsanso ndizingomulozera pano.

Ine ndagwira buku la sosaite ya maliro zaka zambiri, choncho chitsanzo chimene ndiyende nacho ndi cha kumeneko: kukweza chopereka cha pamwezi, nkhani imene yadanitsa anthu obadwa bere limodzi. Ngati lanu ndi bungwe la mtundu wina, chotsani chopereka muikepo nkhani yanu. Ndineneretu kuti ndachedwa kwambiri pa ndime yachisanu. Mfundo zambiri zimene ndaziona zikugwa zinadutsa pa msonkhano popanda wokana, chifukwa okanawo anasunga mawu awo mpaka atatuluka pa geti.

1. Yambani mwadziwa kuti nkhaniyi ndi ya ndani

Musanaitane anthu, khalani pansi atatu, wapampando, mlembi ndi msungichuma, mutsegule malamulo oyendetsera bungwe. Nkhani zina ndi za munthu mmodzi: kugula buku la malisiti ndi ntchito ya mlembi, sayenera kudikira msonkhano. Zina ndi za komiti, monga kusankha basi yonyamula anthu kupita kumanda. Zina ndi za msonkhano waukulu wa mamembala onse, ndipo komiti ikazigwira yokha yadziputira mavuto.

Posiyanitsa, dzifunseni mafunso awiri. Kodi nkhaniyi ilowa m'thumba la membala aliyense, kapena isintha zimene banja lake lidzalandire tsiku la zovuta? Kodi tikalakwitsa, tingabwerere m'mbuyo mosavuta? Ikalowa m'thumba la onse, kapena ikakhala yosabwezeka, ndi ya msonkhano waukulu, ngakhale malamulo anu atakhala kuti sananenepo kanthu. Kukweza chopereka kuli m'gulu limeneli. Kuchotsa munthu m'bungwe nakonso. Amene munakulira mu CCAP izi si zachilendo: nkhani ina imathera pa bwalo la akulu a mpingo, ina imakwera ku presbiteri, ina mpaka ku sinodi, ndipo Sinodi ya Harare yayenda motero kuyambira 1965. Bwalo lililonse limadziwa polekezera pake.

Zolakwika zake ndi ziwiri, ndipo zimachokera kwa apampando a mitima yosiyana. Wamantha amatengera chilichonse ku msonkhano waukulu, mpaka mtundu wa mbale zoti zigulidwe. Anthu amathera mphamvu pa mbale, ndiye nkhani ya ndalama ikamafika dzuwa lapendeka, a ku Mabvuku ndi Tafara ayamba kale kuyang'ana pakhomo poopa kusowa kombi. Wodzimva amamanga zonse ndi anzake awiri n'kubwera "kudzadziwitsa". Anthu amamvetsera mwaulemu, n'kupita kwawo osapereka.

2. Nkhaniyo muisandutse funso

"Nkhani ya ndalama" si funso. Mukalemba choncho pa mndandanda wa zokambirana, wina adzayamba za ngongole ya chaka chatha, wina za msungichuma wakale, wina za mpunga umene unachepa pa maliro a ku Dzivarasekwa. Lembani chiganizo chimodzi choti munthu ayankhe inde kapena ayi: "Kodi chopereka cha pamwezi chikwere kuchoka pa madola 5 kufika pa madola 7 kuyambira Januwale?" Manambalawa ndi ongoyerekeza, inu muikepo anu.

Mukalemba, liwerengeninso, chifukwa m'kati mwake mumabisala mafunso ena. Kukwera kwake ndi nkhani ina, mwezi woyambira ndi nkhani inanso, ndipo pali ya mtundu wa ndalama ndi ya agogo amene alibe wowalipirira. Mayi amene akuvomera zokweza koma akuopa Januwale, mwezi wa fizi ndi yunifolomu, adzakana zonse mukamupatsa mtolo womanga kale. Masulani mtolowo, funso lililonse liyankhidwe palokha.

3. Mitengo ifike pa msonkhano anthu asanafike

Tumani anthu awiri, osakhala a banja limodzi, akafunse mitengo: bokosi, malo a manda ku Granville, kuja timati Kumbudzi, kapena ku Warren Hills, basi, ufa, kabichi ndi nkhuni pa Mbare Musika. Abwere ndi mapepala olembedwa tsiku ndi mtundu wa ndalama. "Ndamva kuti bokosi lakwera" si umboni. Msungichuma nayenso abweretse manambala anayi: mamembala amene alibe ngongole ndi angati, maliro anagwa angati chaka chilichonse pa zaka zitatu zapitazi, maliro amodzi anadya ndalama zingati, ndipo m'thumba mwatsala zingati. Muwalembe pa chipepala chachikulu pakhoma. Munthu amene wadziwerengera yekha kuti thumba silingakwanitse maliro awiri otsatizana savuta ngati amene wangouzidwa.

Ngati malamulo anu amalonjeza kutumiza thupi kumudzi, mtengo wake muuwerengere padera. Msewu ndi uja wa Nyamapanda, Tete, Zobue mpaka Mwanza, zipata ziwiri ndi dziko la Mozambique pakati. Kukafika ku Blantyre kokha ndi makilomita pafupifupi 600, ndiye muganize za kwa a ku Kasungu kapena Mzimba. Onjezani kukonza thupi, zikalata ndi operekeza. Maliro amodzi otere amatha kudya ndalama za maliro angapo a kuno, ndipo masosaite ambiri anatengera lonjezo limeneli kwa agogo popanda kuliwerengera.

Tsono mtundu wa ndalama. Kuno mawu akuti "dola" paokha sakwanira. Akuluakulu akukumbukira 2008, pamene chopereka cha m'mawa chinali chopanda ntchito pofika madzulo. Mu Febuluwale 2019 ndalama zimene zinali m'mabanki ngati madola a America zinasanduka madola a RTGS, ndalama ya Zimbabwe, imodzi kwa imodzi, ndipo mabungwe amene anasunga zonse ku banki anangoona thumba likusungunuka. Ndalama ina ya Zimbabwe yotchedwa ZiG inabwera mu Epulo 2024, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho inagwa ndi maperesenti opitirira 40 tsiku limodzi. Choncho mfundo iliyonse ya ndalama inene momveka kuti ndi ndalama iti, wopereka ya mtundu wina azitsata mtengo wa kuti ndi wa tsiku liti, ndipo msonkho wotumizira pa foni, uja unakwera kufika pa 2 peresenti mu Okutobala 2018, alipira ndani. Mukasiya mpata pamenepa, msungichuma ndi amene adzatchedwe wakuba, pomwe wakuba weniweni ndi kusamveka kwa mfundo.

4. Itanani anthu mokwanira, ndipo muwerenge amene abwera

Uthenga upite kutatsala masabata awiri, kapena monga malamulo anu anenera, ndipo funso lija lilembedwe momwemo mawu ndi mawu. Munthu asamve koyamba za madola 7 atakhala kale pa benchi.

WhatsApp ndi yabwino poitanira anthu, koma pomangira mfundo ayi. Agogo amene anayambitsa sosaite ambiri ali ndi kafoni ka mabatani, ena bandulo inawathera, ndipo pa gulupu amalamulira ndi wa zala zachangu. Amene alibe foni muwatumire munthu. Tsiku nalonso muliganizire: amayi ogwira ntchito m'nyumba ku Borrowdale ndi Mount Pleasant ambiri amapuma Lamlungu lokha, alonda amasinthana, Asilamu ali ndi Lachisanu lawo, a Sabata ali ndi Loweruka lawo. Ana a ku Johannesburg amene amalipirira makolo awo atumize maganizo awo kwa mlembi, awerengedwe pagulu. Zoti ali ndi voti kapena ayi, malamulo anu anene kusanache.

Korumu ndi chiwerengero chochepetsetsa cha mamembala chimene chiyenera kupezeka kuti msonkhano ukhale ndi mphamvu yomanga mfundo. Werengani anthu poyamba, muwawerengenso voti isanaponyedwe, chifukwa ena amakhala atazemba. Chikapanda kukwana, kambiranani ndithu, koma musamange kanthu.

5. Tulutsani mawu a anthu amene akhala chete

Apa alangizi ambiri amangoti "kambiranani momasuka" n'kudumpha. Pakati pa ife kumasukako sikubwera kokha. Tinaleredwa kuti wamkulu akayankhula mwana satsutsa pagulu, ndipo ulemu umenewu ndi umene wasunga masosaite athu chiyambire nthawi ya agogo amene anabwera kudzagwira ntchito mu Salisbury (dzina lakale la Harare), m'migodi ndi m'mafamu a fodya. Sindikuti tiutaye. Koma dziwani kuti wapampando akafunsa kuti "Pali wotsutsa?" n'kumva zii, sanamve kalikonse.

Tayang'anani amene akhala pa mabenchiwo. Uyo ndi mkamwini wa wapampando, sangatsutse apongozi ake anthu akuona. Uyo ndi loja, amachita lendi chipinda m'nyumba ya msungichuma. Mayi uyo ali ndi ngongole ya miyezi iwiri, akuopa kuti akakweza dzanja wina amukumbutsa. Mtsikana uyo anabadwira ku Mufakose, Chichewa amamva chonse koma mkangano amautha m'Chishona, ndipo safuna kusekedwa. Ndiye pali akuluakulu amene anakhala zaka ndi chitupa chowatchula alendo m'dziko limene anabadwira. Ambiri anataya voti lamulo la unzika litasintha mu 2001, mpaka malamulo aakulu a dziko a 2013 anatsegulanso njira kwa obadwira kuno amene makolo awo anachokera m'maiko a SADC. Munthu wotere anaphunzira kuti kukhala chete n'kumene kumapulumutsa, ndipo chizolowezicho sachivula pakhomo chifukwa choti lero ali pakati pa abale.

Mawu ena amamveka ngati kuvomera. "Tamva." "Zili kwa inu akuluakulu." "Chabwino, tiona." Mlembi akamva amenewa asalembe kuti anthu avomera. Eni akewo pofika pa siteji ya kombi adzakhala akunena zina.

Choyamba, wapampando ayankhule pomaliza. Pa bwalo la kumudzi amfumu sayamba ndiwo. Amasiya eni mlandu, ankhoswe ndi nduna ayankhule, iwo n'kumanga pomaliza zimene amva. Wapampando wa sosaite akangoyamba kuti, "Ine ndikuona kuti tikweze, koma tiyeni timve maganizo anu," msonkhano wathera pomwepo, otsatira azingokometsera. Ntchito yake poyamba ndi kuwerenga funso ndi kuitana msungichuma aonetse manambala, basi. Nkhope nayonso aisunge. Kugwedeza mutu pamene wina akuyankhula ndi kuwerama pa foni pamene wina watenga mpata, anthu amaona zonse.

Kenako ndondomeko ya oyankhula. Yambani ndi amene mfundo idzawalemere komanso ali ndi mphamvu zochepa: amasiye, olowa kumene, achinyamata, ogulitsa pamsika amene ndalama yawo ndi ya tsiku ndi tsiku. Oyambitsa bungwe ndi a komiti abwere pambuyo. Akuluakuluwo muwafotokozere msonkhano usanayambe, kuti asaone ngati mwawalumpha. Ambiri sadandaula, poti woyankhula pomaliza ndiye wamkulu.

Ngakhale mutatero, mkamwini uja sadzatsegula pakamwa. Ndiye gawani anthu kwa mphindi 20, amayi paokha, abambo paokha, achinyamata paokha, a komiti asalowemo. Gulu lililonse lisankhe wolinenera, amene pobwera azingoti "gulu lathu lati", osatchula dzina la munthu. Njira imeneyi ndi imene ndimaikhulupirira kuposa zonse, makamaka chifukwa cha zimene zimatuluka kwa amayi. Iwo ndi amene amachezera pa siwa, nyumba ija muli thupi ndi olira. Ndi amene amaphika, amadziwa ufa umene umatha usiku umodzi, ndipo kawirikawiri ndi amene amamanga ndalama ya chopereka pa nsonga ya chitenje mwezi usanathe. Koma pa msonkhano wa onse amakhala kumbuyo, abambo n'kumatsutsana za mtengo wa ndiwo zimene sanagulepo.

Aliyense ayankhule chinenero chimene amakanganira bwino, kaya Chichewa, Chiyao, Chitumbuka kapena Chishona, wina amasulire agogo. Kukonza Chichewa cha mwana ali pakati pofotokoza ndi njira yachidule yomutsekera pakamwa mpaka kalekale. Mudzamuphunzitsa pa nthawi ya chakudya.

Mafunso anu nawonso asinthe. M'malo mwa "pali wotsutsa?" funsani kuti, "Ndani mwa mamembala athu amene madola 7 amugwetsa? Musatchule dzina, tiuzeni mmene amapezera ndalama." Munthu amene sangadzinenere yekha amatha kunenera "mnansi wake", ndipo inu musafufuze kuti mnansiyo ndi ndani. Funso lina ndi ili: "Tiyerekeze kuti tafika Juni, theka la anthu lasiya kupereka. Chachitika n'chiyani?" Amene akuopa kutsutsa mfundo amatha kulosera kugwa kwake popanda kulakwira aliyense, ndipo zimene walosera ndi zimene inu muyenera kukonza lero.

Zonsezi zikapanda kutulutsa mbali inayo, patsani munthu mmodzi wolemekezeka ntchito yotsutsa, ndipo mulengeze kuti mwamutuma ndinu: "Achimwene, tiuzeni zifukwa zonse zotiletsa kukweza." Akatsegula njira, ena amatsatira. Muzimusintha msonkhano uliwonse, angatchuke kuti ndi wovuta.

Makomiti ena amayendera mamembala m'makomo msonkhano usanafike. Ndi zabwino ngati mukupita kukamva. Mukapita kukapempha voti, makamaka mutalumpha makomo a amene mukuwakayikira, zimamveka, ndipo olumphidwawo amafika pa msonkhano atakwiya kale.

Chotsiriza pa ndime ino ndi munthu amene mfundo imupindulira, monga mwini basi, kapena amene mlamu wake amakhoma mabokosi. Anene yekha poyera, ayankhe mafunso, kenako atuluke kufikira voti itatha, ngakhale atakhala wapampando. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka. Si kuti munthuyo ndi wakuba, koma iye ali pomwepo palibe amene anganene kuti basi yake ndi yodula.

6. Mangani

Maganizo atsopano akaleka kutuluka, anthu n'kuyamba kubwereza, nthawi yakwana. Wapampando anene mwachidule mbali zonse, kuphatikizapo imene sakugwirizana nayo, ndipo afunse eni mbaliyo ngati waifotokoza bwino. Kawirikawiri pofika apa funso lasintha: mwina madola 6, kuyambira Malichi, amasiye okalamba akhale pa 5. Liwerengeni latsopanolo mokweza, kawiri.

Kumvana popanda voti n'kokoma, ndipo pa nkhani zing'onozing'ono n'kokwanira. Pa ndalama ndi pa kuchotsa munthu, ponyani voti, ndipo ikhale yachinsinsi. Kukweza manja kumangoonetsa amene akuopa ndani. Gawani timapepala, ndipo ngati pali osatha kulemba, aliyense alandire njere imodzi ya chimanga akaiponye m'chimodzi mwa zitini ziwiri, cha inde ndi cha ayi, kuseri kwa chitenje. Muyale kansalu pansi pa zitinizo, chifukwa njere imalira ndipo anthu athu ali ndi makutu. Owerenga asakhale a komiti.

Nenani voti isanaponyedwe kuti mfundo idutsa ndi anthu angati: opitirira theka, kapena magawo awiri mwa atatu monga mabungwe ambiri amafunira posintha malamulo. Kunena pambuyo ndi kuitana mlandu. Mavoti akafanana, malamulo ambiri amapatsa wapampando voti yachiwiri. Langizo langa ndi loti aigwiritse ntchito kusiya zinthu mmene zilili, nkhaniyo idzabwerenso. Chopereka chokwezedwa ndi dzanja la munthu mmodzi sichitoleka.

Kuimika nkhani n'kololedwa, koma kamodzi, ndipo mutchule tsiku lodzaimaliza ndi maina a okabweretsa chimene chasowa. "Tidzaonanso" wopanda tsiku nayenso ndi mfundo: mwasankha kuti thumba lipitirire kuchepa.

7. Lembani pomwepo, muwerengere anthu asanaimirire

Mlembi asadikire kukalemba kunyumba. Mfundo yolembedwa bwino imayankha kuti chichitike n'chiyani, achite ndani, liti, ndipo tidzaiunikanso liti. Mwachitsanzo: "Kuyambira pa 1 Malichi, membala aliyense azipereka madola 6 a America pamwezi. Wopereka ZiG azitsata mtengo wa ku banki umene msungichuma azilengeza tsiku loyamba la mwezi. Wotumiza pa foni kudzera pa EcoCash aziwonjezera msonkho ndi ndalama yotapira. Amasiye opitirira zaka 65 akhala pa madola 5. Msungichuma adzapereka lipoti pa msonkhano wa Sepitembala." Pansi pake lembani chiwerengero cha ovomera ndi okana, komanso chifukwa chachikulu chimene okanawo anapereka. Alembi ambiri amasiya chimenechi poganiza kuti chikuipitsa buku, koma ndi chimene chimauza wogonja kuti anamveka.

Werengani mokweza, m'Chichewa ndi m'Chishona. Asainire wapampando ndi mamembala wamba awiri, mmodzi akhale wa mbali imene yagonja. Tsambalo mulijambule, chithunzi chake chipite pa gulupu tsiku lomwelo, mphekesera isanakutsogolereni.

8. Musawataye amene agonja

M'sabata yomweyo, wapampando kapena mkulu wina awayendere amene anakana mwamphamvu, osati kukawatembenuza koma kukamva ngati pali chotsala. Mmodzi wa iwo mumuike m'gulu lodzaunika lipoti la Sepitembala. Palibe amene amayang'anitsitsa manambala ngati munthu amene akufuna kutsimikiza kuti ananena zoona, ndipo bungwe limapindula nazo. A komiti amene anagonja m'kati mwa komiti asapite kukanong'oneza kuti "ine sindinafune". Akafuna kuti nkhani ibwerere, alembe funso, lidzalowe pa mndandanda.

9. Konzekerani usiku umene msonkhano sungatheke

Mfundo imayesedwa pa siwa. Zovuta zagwa usiku, womwalirayo ali ndi ngongole ya miyezi inayi, malamulo akuti wopitirira miyezi itatu salandira, ndipo mkazi wake ndi uja amaphika pa maliro a aliyense. Anthu akulira, ana akuyang'ana wapampando. Pamenepa mpamene masosaite amaswekera, chifukwa mukapereka lero, banja limene munalikaniza chaka chatha lidzabwera ndi buku m'manja, ndipo lidzakhala likunena zoona.

Lamulo lisasinthidwe pamaliro, kaya polifewetsa kaya poliumitsa. Nkhanga zinapangana kusanapse, ndiye inunso mangani za ngongole pa msonkhano wa tsiku loti palibe amene wafedwa: miyezi ingati, chenjezo liperekedwa kangati, ndipo ngati pali gawo lochepa loperekedwa kwa wangongole, ndi lotani. Banja limene lamulo lalisiya panja musalisiye lokha. Yendetsani mbale ya chipepeso, chimene anzathu a Chishona amati chema, iyambire pa wapampando, koma thumba la bungwe lisakhudzidwe. Ngati anthu aona kuti lamulolo ndi lankhanza, mlembi alembe funso la msonkhano wotsatira.

Pa maliro a membala wopanda ngongole vuto limakhala la changu, makamaka kwa abale athu Achisilamu amene amaika msanga, kawirikawiri tsiku lomwelo kapena m'mawa mwake. Msonkhano waukulu upatsiretu mphamvu anthu atatu otchulidwa maudindo, awiri mwa iwo akavomereza ndalama zituluke, mpaka pa mulingo wolembedwa. Mutchulenso wolowa m'malo wina akakhala pa ulendo, ndipo atatuwo asakhale a banja limodzi kapena a lokeshoni imodzi. Chopitirira mulingowo chidikire komiti, ngakhale yokumana pakhonde la nyumba ya maliro. Wolandira ndalama ku banja asainire m'buku pamaso pa mboni, malisiti a bokosi, manda ndi basi asungidwe mu envelopu imodzi yolembedwa tsiku, ndipo msungichuma awawerenge pa msonkhano wotsatira nkhani ina iliyonse isanayambe.